Musatsuke, Ndi za Filimu

Constance anabwerera kunyumba kwake ku Hull, ku England, atatha masabata akusamalira nkhalamba ina ku Rotherham, ntchito yogonera konko, ndipo chimene chinamulandira pakhomo ndi fungo. Mwamuna wake Rowland anali ataima patsogolo pa sinki, manja atatambasula ngati akutchinga mbuzi kuti zisalowe m'dimba.

"Mbale izi musazikhudze, mayi a Chiletso."

"Ndayenda bwino, zikomo pofunsa. Mbale zamera ndevu izi, mukudikira kuti zikwatire?"

"Ndi za filimu."

"Filimu."

"Azungu akujambula filimu ya zaupandu. Anayenda mumsewu wonse uno, khomo ndi khomo, kufuna nyumba yoti ajambulemo. Yasankhidwa ndi yathu." Anadzigunda pachifuwa. "Akubwera Lachisanu ndi makamera."

Constance anamwaza maso. Mpunga unali utauma pakapeti, sokosi ili pamwamba pa wailesi ya kanema, inzake ili m'kapu.

"Analowa muno? Muli chonchi?"

"Mpaka kubafa. Bwana wawo atangotsegula chitseko anagwira pakamwa."

"Ndi chimwemwe, eti."

"Anati sanaonepo zotere. Akuti kwina amachita kulemba akatswiri kuti adetse nyumba, koma sizifika apa. Anafunsa kuti wakonza ndani."

"Inu n'kukweza mkono."

"Ndinati tinathandizana ndi ana. Ulemu sadya yekha."

Constance anavula chijasi, nakwinya manja a malaya.

"Mopu ili kuti?"

"Ndinakasungitsa kwa aneba. Ndimakudziwani. Azungu anati tisasunthe kanthu, ndiye sindinasunthe kanthu. Zinyalala sindinataye. Chiletso anafuna kusesa dzana, ndinamukalipira."

"Mwana wafuna kusesa koyamba chibadwire, inu n'kumukalipira."

"Pangano ndi pangano."

"Bambo a Chiletso, filimuyo adzaonera ndani?"

"Dziko lonse. Iyamba kuonetsedwa ku Manchester. Kutchalitchi ndalengeza kale, anawomba m'manja."

Apa Constance anagwira mpando. Iye ndi amene amalangiza akwati za ukhondo kumpingo. Iye ndi amene anabweza mwana wa eni ake kuti akakwechenso mapoto anthu akuona.

"Ndiye amayi a Mvano adzakhala pamzere, chimanga chokazinga kumanja, kuonera makatani anga. Adzati uku ndi kwa Constance uja."

"Sadzatchula dzina lanu. Mufilimumo mwini nyumba ndi chigawenga, chimapha anthu n'kuwabisa m'firiji."

"Firiji yangayi?"

"Anaitsegula. Anati yakwana kale, sawonjezera kanthu."

"Mwakwera udindo, bambo. Anzanu akumanga nyumba ku Area 25, inu mukuweta ntchentche ku Ulaya. Sunthani nditsuke."

"Simutsuka."

"Nditsuka. Azungu anuwo akajambule kudzala."

"Anapitako. Anati kukuwala kwambiri."

Constance anatola chinkhupule. Rowland anakumbatira mpopi.

"Muononga nkhani yonse, mayi. Umvewu uli ndi tanthauzo, anandifotokozera bwinobwino. Chigawengacho mkazi wake anachithawa, anatenga ndi ana omwe. N'chifukwa chake nyumba ikuoneka chonchi. Akuti woonera akangoona sinki iyi, adziwiretu kuti muno mulibe mkazi."

Chinkhupule chinaima m'malere.

"Aliyense adziwa zimenezo?"

"Aliyense. Ngakhale a Mvano anuwo. Sizifunika kufotokoza."

Constance anaika chinkhupule pansi mwaulemu, napukuta manja. Anavalanso chijasi n'kuitana cha kumasitepe.

"Chiletso, tenga mng'ono wako ndi mayunifomu. Tikupita kwa anti Edwina."

"Mwangofika kumene," anatero Rowland. "Mubwera liti?"

"Filimu ikatuluka."

"Koma akuti ituluka chaka chamawa."

"Nthawi yokwanira," anatero Constance akutsegula chitseko. "Muwauze azunguwo alembe poyambirira penipeni kuti nkhaniyi ndi yochitikadi."