Mayi Eudoxia ndi Chala Chotupa cha Chule

Abale, anansi ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, malemu amene tikuwaperekeza lerowa, Mayi Eudoxia Marulanda, anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno ku Pijao. Sukulu analekezera kalasi yachitatu, chifukwa khofi akapsa ankafuna manja a aliyense pakhomo. Mu 1972 anakwatiwa ndi Bambo Belisario Ocampo, omwe anatsogola mu 2009.

Mu 1998 malemu analembedwa ntchito pamalo osungira achule apoizoni kumtunda kwa mtsinje wathu. Ankatsuka mabokosi agalasi ndi kudyetsa achulewo tintchentche. Nthawi imeneyo matenda a pakhungu anali atapulula achule m'chigwa muno, moti achule a mtundu wa mizere yachikasu anatsala khumi ndi mmodzi, onse m'mabokosimo. Akanafa osaswana, mtunduwo ukanathera pomwepo.

Zaka ziwiri zinadutsa popanda dzira ndi limodzi lomwe. Dokotala wa pamalopo, a Arbeláez, poopa matenda aja, ankati akaona chule wamphongo watupa chala chakutsogolo, ankamupatula n'kumuika kwayekha. Malemu anawauza mwaulemu kuti kutupako si matenda. Ali mtsikana, pochapa kumtsinje, ankaona wamphongo atagwira wamkazi kumutu, chala chotupacho chili pamphuno pake, wamkaziyo n'kufatsa. Anzawo a pantchito ankawaseka kuti, "Doña Eudoxia, kodi a Belisario anakufunsirani ndi chala?" Iwo ankayankha kuti, "Iyayi mwanawe, anandifunsira atakwera bulu wobwereka. Koma inu mukutsekera mkwati m'chipatala."

Pa 14 Epulo 2000 m'mawa, malemu anatenga wamphongo mmodzi n'kumubwezera kwa aakazi. Sanabise. Anapita okha kukadzinenera, ndipo anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anabwerera kukathyola khofi, osanyoza munthu. Patapita masiku asanu ndi anayi, a Arbeláez anatsika phiri wapansi, nsapato zili matope okhaokha, n'kuwapeza m'munda. Anawauza kuti pansi pa tsamba m'bokosi la aakazi muja munali mazira khumi ndi anayi. Adokotala anapepesa pamaso pa onse othyola khofi n'kuwabwezera pa ntchito, ndipo m'mawa mwake amphongo onse anatulutsidwa kumene anatsekeredwa.

Pambuyo pake akatswiri a kuyunivesite anayeza zalazo, n'kupeza kuti m'khungu lake muli tiziwalo totulutsa timadzi tokopa wamkazi. Atabwera kudzawafotokozera, malemu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati alendowo adya.

Mu 2006 achule oyamba anabwezeredwa kumtsinje, ndipo amene anatsegula bokosi anali mayi athuwa. Anapuma ntchito mu 2016.

Anayamba kudwala mtima mu Febuluwale chaka chino, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 3 Juni, kuchipatala cha mumzinda wa Armenia, ali ndi zaka 74.

Asiya ana anayi, Nohemí, Fabio, Leonor ndi Ancízar, zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndi mchemwali wawo, Mayi Herminia. Achule amene mukuwamva kumtsinjewo sitinawaike pa mndandandawu, chifukwa lero palibe amene angathe kuwawerenga.

Tikuthokoza anamwino, bambo mfumu ndi akwaya, amayi amene akhala akuphika chiyambire Lachiwiri, ndi a Arbeláez, omwe ngakhale akalamba apempha kunyamula nawo bokosi.

Mayi Eudoxia, ntchito yanu mwaitsiriza. Gonani mumtendere wa Ambuye.