Umboni wa Ellard Kamwendo pa Zithunzi za Malemu Flossie

Ine, Ellard Kamwendo, wa zaka 58, wa m'mudzi mwa Mphanda, T/A Mazengera, Lilongwe, wokhala ku Dennistoun, Glasgow, wogwira ntchito mu laibulale, ndikunena izi:

Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, nthawi ya 10:20 m'mawa, ndili ku ntchito, a chipatala anandiimbira foni kuti mkazi wanga Flossie watisiya.

Lachitatu cha m'ma 2 koloko masana a mpingo wathu anabwera kudzakhuza maliro. Anatulutsa mipando pabalaza kuti anthu akhale pansi. Pakhoma panali zithunzi zisanu ndi ziwiri za ku Japan, zodinda papepala ndi thabwa losema, zoikidwa m'mafulemu. Zimaonetsa anthu a sewero lakale lotchedwa Noh atavala zigoba kumaso. Flossie anazigula chimodzichimodzi pa zaka makumi awiri, ndipo kuseri kwa pepala lililonse analemba ndi pensulo tsiku ndi mawu ochepa opita kwa ine.

Mayi Zangaphee Banda, wapampando wa amayi, analoza chithunzi chimodzi cha munthu wovala chigoba cha nyanga nati, "Abambo, zilombo za kudambwe zikutani pa maliro a Mkhristu?"

Ndinawafotokozera kuti si gule wamkulu, ndipo wa nyangayo ndi mkazi amene nsanje yamusandutsa, osati Satana.

Anati, "Ndiye nyanga mwazivomera nokha."

Bambo Reuben Phiri, mkulu wa mpingo, anachotsa zithunzi zonse nkuziika m'katoni. Anati, "Achimwene, musavutike, zikhala mu buti ya galimoto mpaka tiike maliro." Ndinavomera buti. Sindinavomere china.

Maliro tinaika pa 21 Malichi. Pa 24 ndinaimbira Bambo Phiri. Anati katoni anaipereka kwa Mayi Banda chifukwa akazi awo anakana kukwera nayo galimoto imodzi. Mayi Banda ndinawaimbira kanayi, osayankha.

Dzulo, Lachinayi pa 27 Malichi, nthawi ya 11 m'mawa, ndinapita pa basi kwawo ku Springburn. Anandipatsa tiyi. Kenaka anatulutsa mafulemu onse asanu ndi awiri, opukuta bwino, opanda kanthu. Anati, "Mafulemu alibe mlandu. Muikemo zithunzi za ukwati."

Ndinafunsa za mapepala. Anati anayi anawatentha kuseri kwa nyumba, m'chitini chowotchera nyama, pafupifupi mamita khumi kuchokera pamene ndinakhala. Ndinapita kukaona. Munali phulusa lonyowa ndi mvula. Atatu otsala anati atentha Lamlungu pa 30, amayi onse akuona.

Ndinafunsa ngati anawerenga zolembedwa kuseri. Anati, "Ine zoterezi sinditembenuza."

Ndinapempha kuti ndingokopera mawuwo m'kope iwo ali pomwepo. Anakana, nati, "Chisoni chakusokonezani, abambo. Mudzatithokoza." Anandipempherera ndipo anandiperekeza mpaka pa basi.

Mawuwo sindinawaloweze pamtima. Mafulemu tinawatseka kalekale, ndipo ndinkati wolembayo alipo, ndidzamufunsa.

Sindikufuna kuti Mayi Banda amangidwe. Ndi iwo amene anaphikira olira masiku khumi, ndipo ndi iwo anamuveka Flossie chovala chomaliza. Ndikupempha kuti wapolisi afike ku Springburn Lamlungu lisanakwane.

Pa zonse zimene Flossie anandilembera pamapepalawo, zatsala zitatu, ndipo zili m'kabati ya Mayi Banda, pansi pa Baibulo.

Izi ndi zomwe ndikudziwa, ndipo andiwerengera ndavomereza.

Wosaina: E. Kamwendo
Lachisanu, 28 Malichi 2025