Tikiti Ili M'manja, Mayi Ali Panja

Pasiteji ya basi kunja kwa bwalo la mpira ku Ferrara, bambo wina ankaonera pafoni timu ya amayi ya Italy ikusewera mkatimo. Pambali pake panaima mayi atagwira tikiti.

"Mayi, tikiti muli nayo koma mwaima panja? Ine ndaisowatu!"

"Onerani zanu, bambo."

"Mukumanidwa zabwino. Debora Caldarola wavuta pakatipo lero. Ndinayamba kumutsatira ali kukatimu ka kwawo."

"Ndi mwana wanga ameneyo."

"Aa! Ndiye lowani!"

"Ndinalowapo kamodzi. Tsiku lomwelo anavulala bondo, nakhala chaka chathunthu osasewera, kutimu ya dziko n'kumuiwala. Chiyambire pamenepo iye amandipatsa tikiti, ine ndimathera panja."

"Zikhulupiriro basi. Taonani pafonipa."

"Chotsani! Mukufuna kundipwetekera mwana?"

"Pepani. Eee! Amutchera mwendo! Wagwa pafupi ndi golo!"

"Ndani?"

"Iyeyo. Wagwira bondo."

"Liti? Lakumanzere?"

"Kamera yachokapo. Penate, mayi! Atipatsa penate!"

"Penate yanuyo idyani nokha. Ndafunsa bondo."

"Dikirani, kaputeni akumenya... Chalowa! Mukumva bwalo likugwedezeka? Tapita kumpikisano wa dziko lonse, mayi!"

"Bambo inu, pukutani misoziyo, muyang'ane bwinobwino pagulu likukumbatiranalo."

"Ndikuyang'ana."

"Musandiuze za chigoli. Wovala nambala 8 waima ndi miyendo yake?"