Malungo a ku Kabwata Pakati pa Nyanja ya Mchere

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndine Zulu wa ku Kabwata, uja amakhala kumbuyo m'tchalitchi ndi buku m'thumba la jekete. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anandigwira m'sitima yapamadzi, kutali ndi mtunda uliwonse.

Zaka zoyambirira za ufulu, azungu atayamba kusiya ntchito, abwana athu kosindikizira mabuku ananditumiza ku India kuti ndikaphunzire kukonza makina. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, zina zonse ndinatola m'mabuku akale ogula pamsika. Choncho za sitima ndinkazidziwa kwabasi, ngakhale madzi aakulu amene ndinali nditawaonapo anali a Luangwa, ndili pamlatho.

Tinakwerera ku Dar es Salaam. Tsiku lachitatu mutu unayamba kuwawa, ndipo ndinasanza. Buku lina linali litandiuza kale kuti amenewa ndi matenda a mafunde, amatha okha. Ndinayamwa ndimu n'kugona. Wantchito wa m'sitimamo atafunsa ngati ndikufuna dokotala, ndinakana, m'Chingelezi chabwino ndithu. Kunena zoona ndinkaopanso kuti anditsitsa padoko lotsatira n'kundibweza, chikhalirecho a mpingo anali atandiperekeza kale ndi nyimbo.

Masiku anapita thupi likutentha, kenako kuzizidwa mpaka mano kugundana. Apa m'pamene ndinakumbukira china chimene ndinawerenga: munthu akafera m'sitima amamusokerera m'chinsalu cholimba n'kumuponya m'madzi. Imfa payokha sinandiopse kwenikweni. Chinandiswa mtima n'chakuti sindidzakhala ndi manda. Mkazi wanga akanalira maliro opanda mtembo, ndipo ana akanakula alibe polozera kuti atate agona apa.

Masana ena, mphamvu zitatheratu, ndinapemphera mokweza. Ndinati, "Ambuye, ngati nthawi yakwana sindikukana. Koma ndifikitseni kaye pamtunda, paliponse pamene pali dothi."

Chitseko cha chipinda changa chinali chosatseka chifukwa cha kutentha. Bambo wina wachikulire wovala kachipewa koyera anasuzumira.

"Odi. Ndani akupempha dothi m'Chinyanja muno?"

Anali Che Amidu, Msilamu wochokera ku Malawi, telala wa ku Kamwala, amene ankapita ku India kukasankhira abwana ake nsalu. Tinali titakhala m'tauni imodzi zaka zambiri osadziwana. Anakhala pansi osadikira kuitanidwa, paja kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Anandigwira pamphumi, n'kufunsa nthawi imene kuzizidwa kumabwera. Ndinamuuza.

"Ba Zulu, mafunde sanjenjemeretsa munthu pa nthawi yake ngati belu la kuntchito. Awa ndi malungo. Mwachoka nawo kwanu."

"Koma buku linati..."

"Bukulo likuphikireni phala, achimwene."

Chingelezi sankachidziwa, koma anakaima pakhomo pa dokotala, osasuntha, mpaka dokotalayo anatopa n'kumutsatira. Anandibaya jekeseni ndi kundipatsa mankhwala owawa amene ankaliza makutu. Pondikalipira anati ndikanachedwa pang'ono, sakanachitanso kanthu.

Masiku otsalawo Che Amidu ankandimwetsa phala la mpunga ndi sipuni, monga amachitira ndi mwana. Nthawi yake yopemphera ikakwana ankayala kamkeka pafupi ndi bedi langa. Iye ankapemphera mwa njira yake, ine mwa njira yanga, ndipo palibe amene anayesa kukopa mnzake. Ku Bombay ndinatsika ndi miyendo yanga, nditatsamira paphewa lake, buluku nditalimanga ndi chingwe poti linali litandikulira.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandifunse kuti mthandizi achokere mpingo uti. Inu amene mukudwala n'kumabisa chifukwa cha manyazi, nenani, musachite ngati ine. Ndipo musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale laling'ono ndi lamantha. Ine ndinapempha zochepa kwambiri, koma sabata yathayi ndinanyamula mdzukulu wanga woyamba.