Anandiika pa ng'anjo akudziwa kuti ndimagwa

Monile mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Zimba wa kwa Mwase kuno ku Zambia, ndipo ndili ndi khunyu. Eee, ndanena ndekha. Matenda amenewa chaka chatha anatsala pang'ono kundiwotcha wamoyo ku Malawi, pa munda wa mpingo, pakati pa anthu oimba nyimbo za Mulungu.

Asisitala a ku chipatala cha pa boma anandipatsa malamulo kalekale. Pilitsi madzulo alionse, kugona msanga, kudya pa nthawi yake, mowa ayi, ndipo pa moto kapena ku mtsinje osakhalako ndekha. Ndinasunga zimenezi zaka zambili osagwa. Ndiye abusa atalengeza kuti mpingo wathu wa cha ku Kasungu ukufuna amuna odzipeleka okathandiza ntchito ya fodya kuti amange tchalitchi, ndinaimika dzanja. Malipilo panalibe, chakudya basi. Mkazi wanga anakana, koma ine ndinati Mulungu wa kuno ndi wa uko ndi mmodzi. Ndinamanga mapilitsi anga m'kansalu n'kukwela lole ndi anzanga.

Tsiku lofika lomwelo ndinawauza akapitawo, a Mwale, amenenso anali mkulu wa mpingo. Ndinati, "Adada, ine ndili ndi matenda akugwa. Ntchito iliyonse ndigwila, koma ya pa moto ayi." Anabwelela m'mbuyo ngati ndawalavulila. Madzulo ake ndinapeza mbale yanga ndi kapu aziika pazokha. Ngakhale anzanga ochokela nawo kwa Mwase anasuntha mphasa zawo. Akuti ukakhudza malovu a munthu wa khunyu nawe uyamba kugwa. Bodza lamkunkhuniza! Mkazi wanga timadyela mbale imodzi, tabeleka ana, sanagwepo n'kamodzi komwe.

Nthawi yothyola fodya itafika, palibe amene ankafuna kuima nane mzele umodzi, kaya kumunda kaya posoka masamba a fodyawo. Ntchito ya munthu mmodzi payekha inalipo imodzi yokha, yosonkhezela moto pa ng'anjo ya balani, nyumba youmitsilamo fodya ija. Ndi kumene anandiika. Nditakana, a Mwale anamwetulila n'kunena kuti, "Chikhulupililo chanu chili kuti, a Zimba? Ife tizikupemphelelani." Mpaka lelo ndikakumbukila kumwetulila kuja, mtima umawila.

Moto wa balani suzima, ndiye tulo tanga tinathela pomwepo. Chakudya chinkabwela mochedwa, n'kuchisiya patali ngati cha galu. Mvula inakokolola mlatho, lole yotibweza kwathu osabwela, mwezi n'kupitilila. Mapilitsi anayamba kuchepa. Ndinayamba kuwadula pakati ndi mpeni, kenaka kulumpha masiku, kenaka kansalu kanatsala kokhakokha.

Chipatala cha mishoni chinalipo, sichinali kutali. Koma pa msewu wopita kumeneko ankakhalapo anyamata a chipani, aja a malaya ofiila, ndipo wopanda khadi la chipanicho sadutsa. Ine ndinali nditayambana kale ndi mkulu wawo, dzina lake Kamanga. Anandiimitsa pa msika n'kundifunsa khadi, ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Ndine wa ku Zambia, khadi lanu nditani nalo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Pakamwa pakopo tidzapaona." Anthu anandinong'oneza kuti oyankha chonchi amatengedwa pa galimoto, ndipo abale awo safunsa n'komwe kumene apita.

Abale, mantha ndinawadziwa masiku amenewo. Ndikatsegula chitseko cha ng'anjo ndinkaopa kugwelamo, ndikamva belu la njinga ndinkati Kamanga wabwela kudzanditenga. Chala chikangogwedezeka ndinkati basi, kwayamba. Ndinkadziwa kuti ndikagwela mmenemo palibe adzandikoke, adzangoima patali n'kumaimba. Pemphelo langa silinali laulemu ayi. Ndinkati, "Inu Mulungu, ndinabwela kudzakumangilani nyumba. Mukufuna mkazi wanga alandile makala?"

Tsiku lina masana ndinatsegula ng'anjo, chipika chili m'manja. Nditacheuka ndinaona malaya ofiila akutsika pa njinga, ndipo ndinamva mawu a Kamanga akufunsa kuti, "Wa ku Zambia uja ali kuti?" Pomwepo chinthu chimene chimandigwetsa chija chinayamba kukwela kuchokela m'mimba, monga chimachitila chikamabwela. Ndinakuwa kuti, "Ndigwileni!" Anthu amene ankasoka fodya pafupi anaimilila, n'kubwelela m'mbuyo. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Kenaka mdima.

Nditatsitsimuka ndinali pansi pa mtengo, atandigoneka cham'mbali. Mkono wamanja unali utapsa mpaka pa chigongono. Mutu wanga unali utatsamila malaya ofiila, atanyowa ndi thovu la m'kamwa mwanga. Kamanga anali chilili wosavala malaya, manja ake ali matuza okhaokha, akuwakalipila a Mwale.

"Inu madala, munthu wakugwa mumamuika pa moto? Mayi anga nawonso ankagwa, anafela pa mafuwa, anthu atazungulila ngati mmene mwachitilamu! Ndamugwila ine, ndagwa? Ndagwa ngati?"

Atatha kukalipa, Kamanga anandidzutsa.

Anandikweza pa njinga yake. Pa msewu paja anyamata ake atatiyandikila anangoti, "Uyu ndi wanga, tsegulani." Tili m'njila ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi munkandifunila chiyani?" Iye anati, "Ndimabwela kudzakutenga, iwe wapakamwa. Tsopano khala chete, gwila zolimba, ungagwenso."

Ku chipatala anandimanga mkono n'kundipatsa mapilitsi okwanila mpaka kufika kwathu. Kamanga sindinamuonenso. A Mwale sanapepese, ndipo abusa akuti ndiwakhululukile. Ndikuyesa, koma sindinama m'nyumba ya Mulungu kuti ndamaliza.

Yewo Ambuye, chifukwa ndili moyo ndipo mkono uwu ukugwilabe khasu. Inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, musataye mtima ndipo musasiye. Mukamapita kutali tengani ochuluka kuposa masiku a ulendo, chifukwa mlatho sudziwa matenda anu. Wina akakuuzani kuti kusamala thupi ndi kuchepa chikhulupililo, mukaneni ngakhale ali mkulu wa mpingo. Ndipo inu athanzi, munthu akagwa mukokeni pa ngozi, mugonekeni cham'mbali, simutenga kanthu. Tsiku lija Mulungu anasowa dzanja mu mpingo wake womwe, mpaka anakabweleka kwa munthu amene ankabwela kudzandimanga. Musadzamuchititsenso manyazi otelo. Ameni.