Chotupa cha pantchafu ndi alamu anga a Phiri

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mundilole ndilankhule chokhala, mwendowu wakana. Ndikufuna kuchitira umboni, koma amene mukudikira kumva kuti ndachira, pepani, sindinachire. Adokotala akuti chotupa cha pantchafuchi ndi khansa ya m'minofu, ndipo yafika kale m'mapapo. Fodya ndafesa kunazaleyu adzathyola ndi ena.

Chotupachi chitayamba, abale anga anati ndaponda mankhwala. Watchera ndani? Akuti a Phiri, alamu anga, poti tinakanganapo za malire a munda. Anawaletsa kuponda pakhomo panga. Mlongo wanga, mkazi wawo, anauzidwa kuti asankhe, mwamuna kapena abale. Nkhani inafika poti alamu asamuke m'mudzi.

Tsono mumandidziwa ine, Pulofesa wa Sitandade 4, wowerenga nyuzipepala zokulungira usipa. Mwana wanga anandionetsa nkhani pafoni. Ndinaiwerenga ndi chala, mawu aataliwo ndikuwalumpha ngati ngalande. Akuti ofufuza apeza kuti pali mpweya wina wapoizoni, anthu oupuma kuntchito amadwala khansa yonga yangayi. Ndinakumbukira kuesiteti ya fodya kuja ndinkagwira ntchito. Tinkafunditsa mabelo a fodya ndi tenti m'shedi, n'kuikamo mankhwala ophera tizilombo. Tsiku lovundukula tinkalowa titamanga kansalu konyowa pamphuno. Kansalu, abale anga! Potuluka mutu ukuwawa, akapitawo amvekere, "Kamweni mkaka, utsuka zonse." Ife n'kumwa, n'kumanyadira kuti bwana amatikonda.

Kaya ndi mpweya womwewo, sindidziwa. Adokotala nawonso anati sangalumbire. Komabe ndinaitanitsa abale. Ndinati, "Ngati mukufuna mfiti, kaigwireni m'shedi muja. A Phiri asiyeni." Amalume akuti, "Iwe, zowerengazi zakupengetsa." Ndinati, "Eya, koma wakufayo ndine, mundimvere."

Mankhwala palibe, abale. Ululu ukukulirakulira, sindikunamizani. Anzanga a m'shedi muja ena muli muno, ndikukuonani, ndipo ndilibe mawu okulimbitsani nawo mtima.

Koma funsani amene wandikweza panjinga lero kuchokera kwa Kaomba. Alamu, taimirirani. Musachite manyazi, imani akuoneni. Awa adzanyamula nawo bokosi langa, ndipo palibe adzawaloze chala. Pa chimenechi ndikuthokoza Mulungu. Amayi a kumbuyoko, ine mpweya wandichepera. Yambitsani nyimbo, mukondwere m'malo mwanga.