Anamwalira Ali wa Kalasi

Moni nonse, abale ndi alongo. Moni amayi, moni abambo. Inu mwakhala pakhomopo sunthirani mkati, dzuwa likuwotchani. Ana inu, ndikudziwa kuti mumayankha m'Chishona, koma Chichewa mumamva, ndiye khalani chete.

Ine ndine Nambewe, mayi a Rudo. Ambiri mumangondidziwa ngati mwini nyumba ino timapemphereramoyi, mayi wogulitsa masamba pamsewu wa ku Eiffel Flats. Lero ndaima kuti ndichitire umboni. Koma musayembekeze kuti ndimwetulira. Umboni wanga ndi wa maliro a amuna anga, ndipo ndikaiyamba nkhaniyi mtima umatentha mpaka lero. Mulungu akudziwa, ndinamuuza kale.

Ndinabadwira pa pulazi, famu ya mzungu, kufupi ndi Chegutu. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, koma ine ku Dedzako sindinapondeko. Amuna anga, bambo a Rudo, analinso mwana wa komboni yomweyo. Ankayendetsa thirakitala. Sitinali olemera ayi. Koma tinali ndi tchalitchi chathu, shedi yakale ya fodya imene tinaipaka laimu tokha. Abusa ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Chegutu kudzadyetsa Mgonero. Masabata ena onse ankalalikira mkulu wa mpingo, a Zuze, amenenso ankasunga buku la maina athu.

Woyambitsa nyimbo anali bambo a Rudo. Kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Maliro akagwa pa pulazi lathu, kapena mapulazi oyandikana nafe, uthenga unali umodzi: kaitaneni a thirakitala aja. Mvula, iwo ankapita. Matope, iwo ankapita. Ine ndinkadandaula kuti sadza lazizira, iwo n'kuti, “Maliro n'kulirana, mayi a Rudo. Funditsani mbaleyo.”

Kenaka inafika jambanja, nthawi yolanda mapulazi ija. Za minda sindinena pano. Amene analandira analandira. Ine ndinena zimene zinatigwera ife a m'komboni. Anthu anafika m'mawa ndi ng'oma ndi nkhwangwa. Mzungu anakwera galimoto lake, napita. Ife anatiuza kuti tibwerere kwathu. Kwathu kuti? Mchombo wanga unakwiriridwa pa pulazi pomwepo, koma chitupa changa chimati ndine mlendo. Anatikweza lole, n'kukatitsitsa pamsewu wa ku Bulawayo ngati matumba a thonje. Ndinanyamula mapoto, mabulangete, ndi yunifolomu yanga ya amayi a Lachinayi. Ndi zomwezo.

Tinapeza kachipinda kuno ku Eiffel Flats. Bambo a Rudo anayamba kulowa m'maenje a golide ku Gadzema, munthu wamkulu, fumbi lokhalokha. Lamulungu loyamba tinasamba, tinavala, n'kupita ku tchalitchi cha mtundu wathu m'tauni ya Kadoma. Dzina lake sinditchula. Nyimbo zomwezo, chilankhulo chomwecho. Ndinalira ndi chimwemwe, ndinati tafika kwathu.

Titatuluka, tinakaonekera kwa mlembi wa mpingo, a Chisale. Munthu wa tayi, amene anali kalaliki ku fakitale ya nsalu. Anatipatsa moni bwinobwino, kenaka anatambasula dzanja.

“Kalata?”

Ana inu simukuzidziwa zimenezi. Mkhristu akamasamuka amatenga kalata kwa mkulu wa mpingo, yonena kuti uyu ndi wathu, anabatizidwa, amadya Mgonero. Popanda kalatayo suwerengedwa. Ndi lamulo labwino kwa munthu wosamuka mwaulemu, wotsanzika, wophikiridwa tiyi. Nanga munthu wothamangitsidwa ndi nkhwangwa? Ndikanawauza anthu aja kuti dikirani kaye, ndikatenge kalata?

Ndinawafotokozera a Chisale zonse. Anagwedeza mutu, n'kuti, “Ndamva chisoni, mayi. Koma malamulo ndi malamulo. Bweretsani kalata.”

Abale, kalatayo ndinaifuna. Ndinabwerera ku pulazi wapansi. M'tchalitchi chathu ndinapeza mbuzi. Bambo wina wachilendo anandifunsa chimene ndikufuna, ndipo nditatchula buku la mpingo anaseka n'kundilozera njira yotulukira. A Zuze, anthu ena ankati anapita ku Mozambiki, ena ankati anamwalira. Ndinapita ku Chegutu. Abusa athu anali atapita ku Joni, ndipo atsopanowo sankatidziwa.

Lamulungu lililonse ankalengeza kuti alendo aimirire. Ife n'kuimirira. Sabata yotsatira, alendo aimirire. Ife n'kuimirira. Amati mlendo ndi mame, koma ife tinali mame osauma. Mgonero ukafika ankatiuza kuti titulukeko. Yunifolomu yanga anati ndisavale kufikira kalata itapezeka. Ndipo bambo a Rudo, amene anayambitsa nyimbo moyo wawo wonse, ankakhala benchi lakumbuyo n'kumangong'ung'udza nyimbo chapansipansi.

Pamapeto a Chisale anatipezera njira. Anati tilowe kalasi. Tiyambirenso ngati anthu osabatizidwa, tiphunzire zaka ziwiri pamodzi ndi ana, kenaka atilembe m'buku.

Ine ndinakana pomwepo. Ndinati, “Ine ndinaphunzitsapo kalasi. Ndikakhale pansi pa mtengo ndi ana amsinkhu wa zidzukulu zanga?”

Koma bambo a Rudo anali munthu wina. Pobwerera anandiuza kuti, “Yesu sanandiiwale, mayi a Rudo. Chasowa ndi pepala. Ndikakhala nawo anawo, sindidzathyoka.”

Ndipo anakakhaladi. Ndinkawaona, abale, bambo wa imvi pakati pa tiana, akuyankha mafunso amene ankawadziwa asanabadwe mphunzitsi wawoyo. Nthawi imeneyo chifuwa cha m'maenje chinali chitawagwira kale. Ankatsokomola, anawo n'kumaseka. Ine ndinkapsa mtima, ndipo ndinkapsera iwo omwe. Ndinkati mukudzichepetsa kwa anthu osayenera. Iwo n'kumapitabe.

Kalasiyo sanaimalize. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, m'chipinda chino, pamene pakhala amayi a duku lofiira apo.

Ndinathamangira kunyumba kwa a Chisale. Ndinawapeza akutsuka galimoto lawo, galimoto limene linali litakhala miyezi osayenda chifukwa chosowa petulo. Ndinagwada. Ine Nambewe, wosagwadira munthu, ndinagwada m'madzi a sopo. Ndinati, “Bambo, amuna anga atisiya. Titumizireni mpingo udzaimbe.”

Anaika nsanza pansi. Anati, “Pepani kwambiri, mayi. Koma malemuwa anali a kalasi. Wa kalasi sitimutumizira kwaya, ndiponso amayi savala yunifolomu. Mwina mkulu mmodzi adzafika kumanda kudzapemphera, akapeza choyendera.”

Ndinati, “Munthu uyu waimbira maliro a anthu osawerengeka.”

Anati, “Sindikukana. Koma m'buku mulibe.”

Ndinawatukwana, ndisaname pamaso pa Mulungu. Ndinati bambo anu anabwera kuno wapansi ngati anga, kodi pa Zambezi anawafunsa kalata? Ndinanena ndi zina zimene sindingabwereze pali ana. Akanatikana anthu aja a nkhwangwa, ndikanamvetsa. Koma wotikanayo anali wathu, wolankhula Chichewa changa chomwe, woimba nyimbo zathu zomwe. Pamenepo ndiye pamandiwawa.

Tsiku loika maliro linafika. Bokosi anakhoma a Saidi, mdala wa Chisilamu wa kuseri kuno, ndi matabwa a shelefu yawo. Anthu a m'komboni anasonkhana panja. Koma kunali zii. Mukudziwa mwambo wathu: nyimbo yoyamba amayambitsa ndi a mpingo wa malemu, ndipo wina aliyense sangawadumphe. Choncho anthu ankadikira mwaulemu, akuyang'ana kumsewu. Ine ndinali nditachita manyazi kuwauza kuti palibe akubwera. Dzuwa linakwera. Ntchentche ndinkazimva. Munthu amene sanalolepo mnzake kupita kumanda mwakachetechete anagona pamenepo wopanda nyimbo ngakhale imodzi.

Pamenepo ndinamuda Mulungu. Ndikunena poyera. Ndinati mumtima, ngati nyumba yanu ndi yotere, khalani nayo.

Kenaka analowa Mai Shumba, oyandikana nane, Mshona, wa mpingo wina. Anandinong'oneza, “Ko vechechi varipi?” Ndiye kuti, a tchalitchi ali kuti?

Ndinati, “Sabwera. Akuti alibe kalata.”

Anandiyang'ana ngati ndapenga. “Saka tovaviga sembwa here?” Akuti tiwaike ngati galu? Anandigwira dzanja, n'kuti ndiyambe nyimbo ineyo, iwo avomera.

Ndinati sindinayambitsepo nyimbo chibadwire. Mawu anga mumawadziwa, ali ngati chitseko cha dzimbiri. Mai Shumba anati zimenezo alibe nazo ntchito.

Ndinatsegula sutikesi. Ndinatulutsa yunifolomu ija anandiletsa, ndinavala pamaso pa anthu, nditadzazidwa ndi mkwiyo, osati ndi Mzimu ayi. Ndinaima kumutu kwa bokosi, n'kuyamba nyimbo imene bambo a Rudo ankayambira nayo maliro onse. Ndinaiyamba pamwamba kwambiri. Akanakhala moyo akanandigwira chigongono. Mai Shumba anavomera osadziwa mawu, akungotsata mayimbidwe.

Ndiye panja wina anavomera ndi mawu ake enieni, m'Chichewa. Kenaka wina. Kenaka abambo, mawu apansi aja. Anthu anayamba kulowa, amayi amene ndinkangopatsana nawo moni pampopi. Mmodzi anandigwira paphewa akulira, n'kuti, “Awa si a thirakitala aja? Anaimbira amuna anga.” Wina n'kuti anaimbira mwana wake. Abale, komboni ino inali yodzaza ndi akhristu otayidwa m'mapulazi, opanda makalata ngati ife. Aliyense ankabisala m'kachipinda kake ndi manyazi ake, akuganiza kuti ali yekha.

Tinawanyamula bambo a Rudo ndi nyimbo kuchokera pakhomo pano mpaka kumanda. Sitinapumire. A Saidi anayenda nafe njira yonse. Mkulu uja ananena a Chisale sanafike. Pemphero la pamanda ndinapereka ine, ndipo silinali lokoma. Ndinati, “Mulungu, munthu wanu ndi uyu. Kalata alibe. Ngati nanunso mumafunsa kalata, ndiuzeni lero ndidziwe.” Sanandikanthe. Anthu anati Ameni.

Lachinayi amayi aja anabwera kudzandipepesa. Tinaimba. Wina anali ndi Baibulo lopanda chikuto, anawerenga. Anati tibwerenso Lamulungu, ndipo anabwera ndi amuna awo. Palibe anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tiyambitse mpingo. Tinangopitiriza kubwera, basi. Umu ndi mmene zinayambira, inu amene mwalowa posachedwa.

Patapita nthawi a Chisale anafika kuno. Anati akulu akambirana, andilandira popanda kalasi. Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa madzi akumwa. Ndinati, “Uthengawu mwafika nawo pakhomo polakwika, bambo. Wokhala kalasi uja ali kumanda, mukawauze komweko.” Anapita mutu uli pansi. Kukhululuka ndikuyesa, abale. Tsiku lina ndimaona ngati ndakwanitsa, mawa lake ndikawaona m'tauni magazi amawiranso. Mundipempherere pa chimenechi.

Sindikunena kuti matchalitchi akuluakulu onse ndi oipa. Rudo wanga amapemphera ku tchalitchi chachikulu ku Chegutu, ndipo sindimuletsa. Ndikungonena kuti ine Mulungu ndinakumana naye m'chipinda chino, tsiku limene ndinali nditamutaya.

Lero moyo wanga ndi uwu mukuuonawu. Ndimagulitsa masamba. Ndimadya. Denga limadontha pakona apo, koma Lamulungu nyumba imadzaza mpaka pakhonde. Tilibe abusa, timasinthana kuwerenga Mawu. Timapemphera m'Chichewa, m'Chishona, aliyense mmene lilime lake likufunira. Wodwala timakamuona. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha Mai Shumba. Ndikuthokoza chifukwa cha a Saidi, amene anatisiya chaka chatha. Ndikuthokoza chifukwa cha inu nonse. Aleluya.

Koma ndisanakhale pansi, pali kanthu. Dzulo dzenje lagumuka ku Gadzema, lapha munthu. Mtembo wafika kwa mlongo wake, kuseri kwa bawa uko. Alibe mpingo, alibe kumudzi. Ndipo m'mawa uno, m'nyumba yanga ino, ndamva wina akufunsa mnzake kuti, “Kodi ankapemphera nafe?” Wofunsayo sindimutchula, akudzidziwa yekha.

M'nyumba muno? Funso limenelo, m'nyumba muno? Mwakhuta liti inu, kuti muyambe kusankha maliro? Malemuyo ankamwa, inde, ndamva. Sankapemphera nafe, inde. Mlongo wake wakhala ndi bokosi kuyambira dzulo, akuyang'ana kumsewu, ndipo ine ndikudziwa mmene maso amawawira poyang'ana msewu umenewo. Funso limenelo lisadzamvekenso pansi pa denga langa ine ndili moyo.

Mawa dzuwa likamatuluka ndikhala nditavala. Tikamuimbira kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Amene akubwera, tikumane pampopi. Dzina la malemuyo sindikulidziwa, tikalimva komweko.

Ambuye akudalitseni. Ameni.